Wa M'nyumba Abwereke Pomaliza

3 Febuluwale

Okondedwa achimwene,

Choyamba ndimve za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula, chifukwa mwana wamng'ono wa adona wanenepa ndipo safuna kutsika. Nanga Mpheta wanga ali bwanji? Chifuwa chija chinatha? Dzino limagwedera lija linachoka? Musandiyankhe kuti "ali bwino" n'kuthera pomwepo. Inu pafoni mumangoti "eya, eya" ngati mukuvomera mlandu, n'chifukwa chake ndabwerera ku makalata.

Nkhani yanga ndi iyi. Adona akonza m'chipinda cha ana awo, ndipo zidole zomwe anawo atopa nazo zadzaza katoni yaikulu. Amati zikatayidwe. Achimwene, timagalimoto tamateyala onse anayi, timatabwa tomangira nyumba, mipira iwiri, njovu yansalu yomwe vuto lake ndi khutu limodzi basi, zonsezo zopita kudzala. Ndinapempha, anandipatsa.

Kusukulu ya mkaka komwe ndimaperekeza anawa kuli kachipinda kobwereketsa zidole. Mwana amasankha chimodzi, kupita nacho kwawo, kusewera nacho, n'kubweza kuti mnzake atengenso. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaima pakhomo pa kachipindako mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndimaganiza za ana a kwathuko, omwe galimoto yawo ndi chitini cha mafuta chomangidwa chingwe. Bwanji tichite zomwezo m'kachipinda ka kuseri kwa shedi yanu? M'menemo muli matabwa opindika okhaokha, omwe mwakhala mukunena kuti mudzawagwiritsa ntchito kuyambira ine ndili kamtsikana. Katoniyo ibwera ndi bambo wa lole uja Lachisanu.

Ndisakubisireni, za ana a m'mudzi ndikuziganizadi, koma chikundidya mtima ndi Mpheta. Zaka zitatu ndikulera ana a eni, wanga ndamuona kamodzi. Ulendo umenewonso anachita kulakwitsa n'kundiitana kuti azakhali, inu nonse n'kuseka. Ine ndinasekanso, koma sizinali zoseketsa. Ndikuopa kuti tsiku lina adzandipatsa moni ngati mlendo n'kupitiriza ulendo wake. Mwina akamaona zinthu zochokera kwa ine zikufika pakhomo, azikumbukira kuti ali ndi mayi.

Mukamayankha mumupatse pensulo ajambule kanthu pansi pa kalata, monga amachitira nthawi zonse. Tojambula take tonse ndinamata mkati mwa chivindikiro cha sutikesi yanga.

Ndine mlongo wanu.


21 Febuluwale

Mlongo wanga, make Mpheta,

Kalata yako yatipeza tonse tili moyo. Chifuwa chinatha. Dzino linachoka Lachiwiri, ndipo tsopano mwana wako akamalankhula mphepo imathawira pampata pomwepo. Mvula yatikomera, mbuzi yabereka awiri, denga la khitchini likudonthabe. Waona, ndayankha motalika.

Katoni inafika bwino. Matabwa opindika wawanyozawo ndiwo asanduka mashelefu atatu, ndiye ubweze mawu ako. Ndinawapala mpaka kusalala kuti mwana asabayidwe. Alamu ako anasesa, kuyala mkeka, n'kuika beseni ndi sopo pakhomo.

Koma sabata yoyamba ndinali ngati wogulitsa mabokosi a maliro, anthu kuyang'ana ali patali, osalowa. Ana ankaunjikana pazenera, ndikawaitana n'kubalalika. Nditafufuza ndinapeza kuti makolo anawaletsa. Amati chinthu cha m'tauni chikathyokera m'manja mwa mwana wako, mlandu wake uutha? Ndiye Loweruka, anthu akuchokera kumsika, ndinaima panja pa shedi, n'kutenga kagalimoto kofiira kaja, kuzula teyala onse akuona. Mayi wina anagwira pakamwa. Kenako ndinalibwezeretsa ndi kamsomali, n'kukayendetsa pansi. Ndinati, "Chothyoka chizibwera kuno. Kalipentala ndine, mlandu palibe." Mawa lake m'kachipinda munadzaza mpaka nkhuku zinasowa podutsa.

Ukanaona, mlongo wanga. Kamwana kena kanatenga timatabwa tomangira taja, kanakhala nato tsiku lonse osamanga kanthu, kungotinunkhiza. Njovu ndinaisokera khutu lachikopa cha mpando wakale, ndipo pano ndiyo ikuyenda mudzi wonse kuposa azaumoyo.

Malamulo ndaika atatu. Loyamba, kusamba m'manja. Lachiwiri, wobwereka asapitirire masiku atatu, akapitirira ndimamutumizira munthu. Chidole chikafunidwa ndi ambiri, ndimalemba maina ndi choko kuseri kwa chitseko, aliyense n'kudikira nthawi yake. Lachitatu ndi ili: wa m'nyumba abwereke pomaliza. Ukudziwa pakamwa pa anthu a kuno. Akangoona ana a pakhomo pano atanyamula zabwinozo, mawa kumjigo nkhani idzakhala yoti kalipentala watsegulira ana ake sitolo. Ndikufuna ntchito yako isadetsedwe ndi mawu oti tikukondera.

Za Mpheta usade nkhawa. Akudziwa bwino komwe zinthuzi zachokera. Aliyense wolowa amamuuza kuti "atumiza ndi amayi anga", mpaka anzake ayamba kumumalizira mawuwo. Pansipa wajambula njovu. Ukaona ngati mbatata yamiyendo, usamuuze.

Ukapeza zina tumiza, makamaka za atsikana. Iwowa akulimbirana njovu imodzi.

Ndine mchimwene wako.


9 Malichi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji nonse? Ine kalata yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo pa teyala paja ndinaseka mpaka mwana wa adona anadzuka. Mawu anga a matabwa ndabweza. Njovu ya Mpheta ndi njovu ndithu, mbatata ndi maso anuwo.

Katoni yachiwiri yanyamuka dzulo. Anzawo a adona atamva nkhani yathu anabweretsa zawo: timapoto, kasitovu, mabuku a zithunzi, zingwe zodumphira. Koma mutu wangawu. Bambo wa lole anafika akuliza hutala, ine mwana ali kumsana, madzi akuwira, ndiye ndinamata katoni kalata ili pathebulo. Ndikuitumiza pa positi, ndikhulupirira sichedwa.

Tsono mvetsetsani apa. Pansi pa katoniyo pali chidole chokulungidwa m'thawulo, chovala diresi lachikasu. Chimenecho si cha pashelefu. Sichinachokere kwa adona kapena kwa anzawo. Ndinagula ndekha, chatsopano, ndipo ndi cha Mpheta yekha. Ndinayenda masitolo anayi kufuna chakhungu ngati lake. Diresilo ndinasoka pamanja kuchokera ku bulauzi yanga yachikasu ija, yomwe ndinavala tsiku lomwe ndinamusiya pakhomo panu. Anaigwira mwamphamvu tsiku lija mpaka batani linathothoka. Ndikudziwa akaiona aikumbukira.

Mumuitanire pambali, mumupatse m'manja, mumuuze kuti, "Ichi amayi ako akuti n'chako, sichibwezedwa." Mwana wanga chibadwire sanakhalepo ndi kanthu koyamba ndi iye. Zovala ndi zosiyiridwa, nsapato zosiyiridwa, ngakhale mkeka wogonera ndi wa azisuweni ake. Kamodzi kokha akhale woyamba.

Mundilembere momwe nkhope yake inaonekera. Musasiye kanthu, ngakhale chomwe ananena poyamba.

Ndine mlongo wanu.


27 Malichi

Mlongo wanga,

Moni wa kuno ndi wabwino, sindidziwa iwe kumeneko. Katoni yachiwiri inafika pa 10, koma ndinaikutumula mpaka pansi osapezamo kalata. Wayamba ulesi? Kapena m'tauni mapepala atha?

Timapoto tafika pake. Pano kuseri kwa shedi kukuphikidwa utuchi wanga m'mawa mpaka madzulo, ndipo ine ndakhuta kale kangapo. Koma mfumukazi ya zonse ndi chidole chadiresi lachikasu chija. Ukachigoneka chimatsinzina, ukachidzutsa chimaphenya. Atsikana a kuno anali asanaonepo zotere. Ngakhale azimayi akuluakulu amabwera ngati akufuna sopo, cholinga achigoneke kamodzi. Amene anachitaya chidole chimenechi ndi munthu wosadziwa chuma, chikuoneka ngati sichinagwiridwepo.

Tsiku loyamba maina anafika khumi ndi asanu ndi awiri, choko mpaka kutha. Mpheta ndinamulemba pansi pa onsewo monga mwa lamulo lathu. Ndawerengera masiku, chimufika kumayambiriro kwa Meyi.

Ndikuuze za mwana wako kuti unyade. Katoni anatsegula ndi iyeyo, ndipo chidolecho anachivundukula yekha m'thawulo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Malume, ichi n'changa?" Ndinamuuza kuti, "N'cha tonse, mwanawe. Amayi ako amatumizira ana onse, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe." Sanalire ngakhale pang'ono. Anachiika yekha pashelefu n'kukonza diresi. Mwana wazaka zisanu ndi ziwiri, mtima ngati wa munthu wamkulu.

Anangopempha chinthu chimodzi, kuti chidolecho chikabwezedwa azichipukuta ndi iye chisanapite kwa wina. Ndinamulola. Ndiye tsiku lachitatu lililonse umupeza pakhomo pa kachipinda ndi kansanza konyowa, akudikira. Amapukuta pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, mwini nthawi ataima pambali akupondaponda. Akamaliza amapereka ndi manja awiri.

Zoti "atumiza ndi amayi anga" anasiya, ndiye kuti waona kuti aliyense akudziwa. Lero sanajambule. Akuti dzanja likuwawa, koma ndaliona dzanjalo, lilibe kanthu. Ana amakhala ndi masiku awo.

Tilembere, tikudikira.

Ndine mchimwene wako.


4 Epulo

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinu akulu basi. Kalata yanga ya pa 9 Malichi simunailandire? Chidole chimenecho ndi cha Mpheta. Ndinagula ndekha, diresi ndinasoka ndekha. Inu mwachiyendetsa mudzi wonse, mwana wanga n'kumachipukutira anzake.

Kalata kusafika si vuto lanu, ndavomera. Koma maso mulibe? Chinthu chatsopano, chokulungidwa pachokha m'thawulo, pakati pa zinthu zakutha, simunadabwe? Mwana anachita kukufunsani ndi pakamwa pake, inu n'kumuyankha ndi mwambi. Mukuti sanalire ndipo ndinyade. Achimwene, ine ndimalera ana tsiku ndi tsiku. Mwana akalira ndiye kuti akuyembekezabe kuti wina amumva. Akangoti zii, dziwani kuti wataya mtima.

Ndipo dzanjalo silikuwawa. Sakufuna kundijambulira, basi. Ndinayambitsa zonsezi kuti mwana wanga andiyandikire, inu mwamuphunzitsa kuti mayi ake ndi a mudzi wonse, iye ndi wa nambala khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mumaopa pakamwa pa anthu a kumjigo kuposa mtima wa mwana amene amadya nanu mbale imodzi.

Kalata ino ndapatsira bambo wa lole m'manja kuti pasakhalenso chonamizira. Ikangofika, mukatenge chidolecho komwe chili, tsiku lomwelo, mumupatse. Ngati kachipindako sikangayende popanda kumulanda mwana wanga, mukatseke. Mubwezeremo matabwa anu.

Ndine mlongo wanu.


15 Epulo

Mlongo wanga,

Tili moyo. Ndikhulupirira nawe uli moyo, ngakhale mtima ndikudziwa momwe ulili.

Makalata ako awiri ndinawalandira tsiku limodzi. Nditawerenga yaukali ija ndinathamangira kugolosale komwe amasiya makalata a positi. Tinafufuza ndi mwini golosale, n'kuipeza itagwera kuseri kwa matumba a shuga. Ndinaiwerengera panja pomwepo. Nditafika poti "kamodzi kokha akhale woyamba", ndinangokhala pansi pakhonde la eni ngati woledzera. Ndalakwa, mlongo wanga. Sindinamizira positi. Thawulo lija ndinaliona, ndipo funso la mwanayo ndinalimva.

Ndinachita monga unanenera, koma mwina ndinaonjeza kulakwa. Chidolecho chinali kwa mwana wa mayi woumba mbiya, yemwe anali atangochilandira m'mawa womwewo atadikira pafupifupi mwezi. Ndinamupeza atachibereka kumsana akuthandiza amake kuponda dothi. Ndinafotokoza, amake anamumasula okha n'kundipatsa. Mwanayo analira mondimvetsa chisoni. Amakewo anangoti, "Si izi timanena zija." Ndinabwerera mutu uli pansi.

Ndikuuziretu, chidolecho si momwe unachitumizira. Wina anachimeta mbali imodzi. Diso lakumanzere silitsinzinanso. Diresi linang'ambika m'khwapa, alamu ako anasoka ndi ulusi woyera poti wachikasu tinalibe.

Ndinamuitana Mpheta m'shedi, ndinapukuta manja, n'kumupatsa. Ndinanena mawu ako onse, kuti n'chake, sichibwezedwa. Anayang'ana chidolecho, kuyang'ana ine, kenako anapita kuseri kwa chitseko kukawerenga maina. Anati, "Dzina langa silinafike." Ndinati zamainazo zatha, malume ako analakwitsa. Anati, "Mwangomulanda mnzanga chifukwa amayi akalipa." Anachikhazika pashelefu n'kutuluka.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chidolecho chili pomwepo. Palibe akuchigwira, iyenso ayi. Ana obwera achepa, makolo ena abweza zidole nthawi isanakwane. Mpheta akudya, akupita kusukulu, koma m'shedi sakulowanso. Kale ndikamapala matabwa ankakhala pambali kutola zopalidwa zopotana zija n'kumaziika kumutu ngati tsitsi. Pano zangounjikana pansi.

Ine mpando wothyoka ndimaudziwa pogwira. Apa ndagwira njakata. Kachipinda sindinatseke, ndikudikira mawu ako.

Ndine mchimwene wako wolakwa.


22 Epulo

Alamu,

Muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino. Ndine mlamu wanu. Sindinakulemberenipo chifukwa zolemba zanga ndi zokhotakhota, koma lero mupirire nazo, poti achimwene anu angokhala m'shedi kupala thabwa limodzi lomwelo sabata yathunthu.

Inu ndi achimwene anu mutu ndi umodzi. Iwo anaika lamulo loti wa m'nyumba pomaliza, osaona kuti anyamata athu awiri ndi akuluakulu, za zidole alibe nazo ntchito. Wa m'nyumbayo anali Mpheta yekha. Ndinawauza, anati ndikukondera. Inunso mwalamula muli kutali kuti chidole chilandidwe, osafunsa kuti chili m'manja mwa ndani. Mwana wa woumba mbiya ndi mnzake wa Mpheta wa ponda apa nane mpondepo. Amakhala desiki imodzi.

Lamulungu masana tikusankha nyemba pakhonde, ndinatenga kalata yanu yochedwa ija n'kumuwerengera yonse, ndi deti lomwe, kuti adziwe kuti munalemba kale musanakalipe. Anamvetsera osasiya kusankha. Nditafika pa bulauzi anafunsa kuti, "Bulauzi iti?" Alamu, ndikanatha kukubisirani, koma inu ndi ine ndife azimayi. Sakuikumbukira. Anali ndi zaka zinayi. Anandiuza kuti ndibwereze pomwe munati munayenda masitolo anayi. Ndinabwereza. Anafunsa ngati masitolowo ali motalikirana, ndinati kwambiri, ngakhale sindikuwadziwa.

Mawa lake anatenga chidole pashelefu yekha, anachipukuta, n'kupita nacho kwa mnzake uja. Anamuuza kuti, "N'changa, koma umalize masiku ako." Masiku atatu atakwana anakachitenga yekha. Pano akugona nacho. Akuti Lolemba abwereketsa wotsatira, koma wofuna azipempha kwa iye, osati kwa malume. Ana ayambanso kudzaza, ndipo mayi woumba mbiya wabweretsa timiphika tisanu tating'ono kuti tikhale pashelefu. Ndiye kachipindako musatseke. Lamulo lachitatu lija, lomwe analilemba ndi choko pachitseko, ndinalifufuta ndekha ndi nsanza.

Koma musaganize kuti zatha. Ndinamupatsa pensulo kuti akujambulireni, anakana. Anati akufuna kunena mawu, ine ndilembe. Ndalemba momwe ananenera, sindinachotse kapena kuonjeza.

"Amayi, muli bwanji? Ine ndili bwino. Chidole ndachiona, zikomo. Diso limodzi siligona koma palibe kanthu. Malume amati wobwereka asapitirire masiku atatu, akapitirira amamutumizira munthu. Ana a kumeneko anakutengani kalekale. Kodi kumeneko kulibe lamulo? Dzina langa analemba? Ngati ndili pomaliza, mundiuze kuti patsogolo panga pali angati. Kudikira ndimatha."

Atamaliza anandifunsa ngati ndalemba bwino, n'kupita kukasewera. Ine ndi amene ndinatsala pakhonde ndikupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

Mwanayu ndimamukonda ngati wobala ndekha, mukudziwa. Koma funso ili si langa kuyankha.

Ndine mlamu wanu.


28 Epulo

Okondedwa alamu ndi achimwene,

Moni nonse. Alamu, zolemba zanu si zokhota, zalunjika mpaka zandipweteka. Zikomo posandibisira za bulauzi. Zaka zitatu ndinaisunga ndikuganiza kuti tikuikumbukira awiri.

Achimwene, mundikhululukire mawu anga aja. Inu mwamulera mwanayu pomwe ine kulibe, ndipo m'shedi mwanumo ndi momwe wakulira. Kachipinda kapitirire. Kwa mayi woumba mbiya ndikapepesa ndekha.

Kalata ya Mpheta ndinaiwerengera kukhitchini, wamng'ono wa adona ali pamwendo panga ndikumudyetsa. Ndinamaliza kumudyetsa, kumupukuta, n'kupita naye kwa amake. Ndinawauza kuti ndikufuna kupita kwathu. Anati mwezi uno n'kovuta, kukubwera alendo, bwanji ndingotumiza katoni ina poti zidole zilipo zambiri. Chiyambireni ntchito pano sindinawayankhepo, koma tsiku limenelo ndinati, "Adona, ana anu ali ndi mayi. Wanga ali ndi makatoni." Anamulandira mwanayo m'manja mwanga. Si munthu woipa, sanaganizepo chabe. Andipatsa masabata atatu. Ndapemphanso kuti sukulu ikatsekera Mpheta azibwera kudzakhala nane m'kachipinda kanga. Akuti akambirana ndi abambo a pano, ndiye zimenezo musamuuze kaye, sindikufuna kumulonjeza chomwe sichili m'manja mwanga.

Alamu, gawo ili mumuwerengere, pang'onopang'ono.

"Mpheta mwana wanga, ndili bwino. Wafunsa bwino. Kuno lamulo kunalibe, ndipo ine ndinalakwa kukhala nthawi yonseyi. Patsogolo pako palibe aliyense. Ana a kuno ndimawasamala chifukwa ndi ntchito, koma mwana wanga ndiwe wekha. Ndikubwera Lachisanu pa 5 Meyi, pa lole ya makatoni ija. Sindikunamiza, ndidzabwereranso kuntchito, koma tikawerengera limodzi masiku ake, ndipo sadzakhalanso zaka."

Chomaliza, musauze munthu aliyense kuti ndikubwera. Ndimawadziwa anthu a kwathu, adzadzaza pakhonde kuyambira m'mawa, ine n'kumapereka moni mwana ataima kumbuyo kwa onse. Masiku atatu oyamba sindikuonana ndi wina. Kumsewu abwere iye ndi alamu basi. Akakana kundiyandikira musamukankhe, musamunyengererenso. Nditsitsa sutikesi, ndikhala pansi pomwepo mpaka abwere yekha. Ulendo uno wodikira ndine.

Ndine mlongo wanu, make Mpheta.